Mathero Amene Amalume Ako Anasuta

Mponela,
Lachinayi masana

Thoko mwana wanga,

Usaseke kuti ndakutchula mwana wanga. Ndikudziwa kuti tikamayenda limodzi pamsika anthu amationa ngati munthu ndi mng'ono wake, koma amayi ako anali akulu anga a bere limodzi, ndiye ine ndine mayi ako basi, ufune usafune. Chitisiyireni iwo, ndine amene ndakhala ndikusaina malipoti ako a kusukulu, ndiye lero undimvere.

Ndikulemba pamene iwe wapita ku Dowa Boma kukatsanzika anzako a kwaya. Ndikanatha kudikira kuti ndikuuze pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pa M1, iwe n'kuyamba kuseka, ine n'kukwiya, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala silindidula mawu.

Mawa ukukwera ndege. Ndalemba mawu amenewa kenako ndaimirira, ndazungulira tebulo, ndakhalanso pansi. Mtsikana wa kwa Nachisaka, amene aphunzitsi ankamulanda kope la masamu chifukwa chojambula anthu m'mphepete mwake, akupita ku Nairobi kukaphunzira kujambula komweko, ndipo sukuluyo ndi imene yamuitana. Ku ofesi ndauza aliyense, mpaka alimi obwera kudzagula mbewu. Mmodzi anandifunsa ngati kujambula makatuni kumadyetsa munthu. Ndinamuuza kuti adzafunsenso funso lomwelo mwana wake akadzayamba kulirira buku lokhala ndi dzina lako pachikuto.

Koma ndikudziwa kuti mtima wako sunakwere nawo ndegeyo. Usanapite ku Lilongwe kukadikira mapepala a ulendo, tili kuchapa kuseri kwa nyumba, unati, "Amayi aang'ono, bwanji ndiwapemphe andisungire malo mpaka chaka chamawa?" Nditakufunsa chifukwa chake, unayang'ana m'beseni n'kunena kuti, "Ndikachoka, mabuku anga ndidzapeza phulusa." Ine ndinakukalipira, ndinati munthu sataya sukulu chifukwa cha makatuni. Koma unkanena zoona. Ndege imalola chikwama chimodzi, ndipo bokosi lachitsulo lija linali kumudzi, m'nyumba yaudzu, pafupi ndi amalume ako a Geresomu amene amati akaona pepala lofewa amangoona ndudu ya chingambwe.

Ndiye ukamaliza ndime ino, uike kalatayi pansi, ulowe kuchipinda kwanga, uyang'ane kuseri kwa chitseko. Bokosi lako lili pamenepo, pamwamba pa njerwa. Mabuku ako a makatuni onse ali mmenemo, lililonse m'thumba lake lapulasitiki. Ndipo ali pa inshuwaransi, yomwe ija anthu amaikapo magalimoto ndi masitolo. Akapsa, akabedwa, kapena mphepo ikasasula malata n'kunyowa, kampani idzalipira. Zonse ndamaliza pamene iwe unali ku Lilongwe. Chatsala ndi siginecha yako yokha, chifukwa mwini wake ndiwe. Mawa tidzadutsa ku ofesi yawo tisanapite ku bwalo la ndege. Usaiwale chiphaso chako, chikhale m'kachikwama ka m'manja, osati pansi pa zovala.

Wabwerako? Pukuta m'maso, ukhale pansi. Tsopano ndikuuze mmene ndinavutikira, chifukwa malangizo amene ndili nawo ndi omwewo. Ndilibe nzeru za anthu okalamba. Ndili ndi zipsera za munthu wofulumira.

Ukudziwa kumene mabukuwa anachokera, koma ndikufuna ukapite nako ku Nairobi kuli kolembedwa. Amayi ako ankagula mapepala akale pa sikelo kusitolo kwa a Saidi, oti azikulungira mandasi. Iwe unali usanayambe sukulu, koma unkakhala pambali pa mulu uja n'kumasolola chilichonse chokhala ndi zithunzi. Makasitomala akachuluka, mapepala n'kuchepa, amayi ako ankatambasula dzanja kuti atenge ako aja, iwe n'kuwakhalira. Iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Chabwino bwana, mandasi awa apita amaliseche." Kenako a Saidi anayamba kukupatulira okha asanaike pa sikelo. Ena unagula pa kaunjika ndi ndalama ya chakudya cha kusukulu. Ena, a Chifalansa aja, unasinthanitsa ndi mnzako uja wa ku Dzaleka. Koma chuma chenicheni ndi aja akalekale a Chichewa, amene mphunzitsi wa ku Nairobi atangoona zithunzi zake anakufunsa kuti unawapeza kuti. Anthu ankawaona ngati zokulungira mandasi, iwe unaona mabuku. Diso limenelo ndi limene lakukweza ndege, ndiye usadzalole munthu akuuze kuti ndi chibwana.

Cholakwa changa choyamba ukuchidziwa bwino, poti unatha masiku osandiyankhula. Chaka chija mvula inalowa m'nyumba ya kumudzi, mabuku a pamwamba m'bokosi ananyowa n'kufufuma. Ine ndinali nditabwera kutchuthi kuchokera ku koleji, mutu uli wodzaza ndi mawu akuti kuchita zinthu mwachangu. Iwe unati tiwayanike pamthunzi, limodzilimodzi, tizitembenuza masamba pang'onopang'ono. Ine ndinati zimenezo ndi za anthu opanda chochita. Ndinawanyamula kupita nawo kuchigafa, ndinawaika mu jeke yodindira mabelo a fodya, ndinapotokola chitsulo chija mpaka thukuta, ndikudzitama kuti ndapeza njira yatsopano. Anatulukadi owongoka bwino. Anatuluka njerwa. Masamba anamatana, ndipo aja a Chifalansa mpaka lero satseguka. Ndawaika pansi penipeni m'bokosimo, ndipo a inshuwaransi anakana kuwawerengera. Ndiye mwana wanga, chinthu chikanyowa usachifinye. Ukakayambana ndi mnzako wa m'chipinda, mphunzitsi akakanyoza chojambula chako pagulu, usakathamangire kukonza tsiku lomwelo. Kachiyanike pamthunzi. Ine zimenezi ndimazidziwa ndi mutu wokha, miyendo yanga sinamvebe. Iwe unabadwa nazo, usakazitaye chifukwa choona anthu a m'tauni akuthamanga.

Chachiwiri ndi cha mwezi wathawu. Utangonyamuka kupita ku Lilongwe, ndinavala suti ija ndinavala tsiku lolandira digiri, ndinakwera minibasi, ndinakalowa mu ofesi ya inshuwaransi ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ndinafotokoza za chuma cha chikhalidwe, za achinyamata, za tsogolo la dziko. Mayi amene anandilandira anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenako anandiyankha m'Chichewa.

"Mabukuwo ndi angati, achemwali?"

"Ambiri."

"Zithunzi zake muli nazo?"

"Ayi, koma ndikhoza kuwafotokoza."

"Akusungidwa kuti?"

"Kumudzi. M'nyumba yaudzu. Pafupi ndi chigafa cha fodya."

Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anati ntchito yawo ndi yoteteza ku ngozi, koma zimene ndanenazo si ngozi, ndi kudikira chabe tsiku. Kenako anafunsa funso limene linandisowetsa mtendere: "Nanga mwini wake ndani?"

Ndinati, "Ndi athu."

"Athu ndiye ndani? Zikadzavuta, kampani idzalipira munthu wa dzina, osati athu."

Sanandithamangitse, anali munthu wabwino. Anandiuza zoti ndikachite: buku lililonse lijambulidwe kutsogolo ndi kumbuyo, munthu wodziwa za mabuku otere alembe kalata yonena kufunika kwake, bokosi likhale m'nyumba yanjerwa yamalata yokhoma, ndipo mwini wake akhale mmodzi wodziwika. Kalatayo anatilembera mphunzitsi wako uja, ukafika ukamuthokoze. Phunziro lake nali, ndipo ulisunge kuposa ena onse: chilichonse chimene udzajambule, ulembepo dzina lako ndi tsiku, uchijambule pa foni, usunge malo awiri. Ngakhale kachojambula ka papepala la buledi. Kunjako anthu sadzakufunsa kuti unavutika bwanji, adzakufunsa umboni. Kwathu kuno timachita manyazi kunena kuti ichi ndi changa, timaopa kuoneka odzikonda. Manyazi amenewo ukawasiye pa bwalo la ndege pa Lumbadzi. Dzina ndi tsiku, Thoko. Wamva?

Chachitatu ndiye chachikulu. Dzina lako ndikanatha kungolemba ndekha papepala, koma bokosi silikanatuluka m'nyumba ya kumudzi popanda mawu a amalume ako. Ndi eni mbumba, ndipo maliro a amayi ako atatha, zonse zimene zinatsala m'nyumba muja iwo ankaziona ngati za pabanja. Ndinapita kwa Nachisaka ndili ndi moto. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya ndi anthu aganyu. Sindinakhale pansi, sindinafunse za kumunda, moni ndinangoponya. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, mukudziwa kuti mwakhala mukusuta chuma cha mwana?"

Aganyu anasiya kusankha. Achimwene sanadzutse n'komwe mutu. Anawongola tsamba pabondo n'kunena kuti, "Linesi, digiri ija inakuphunzitsa kulankhula chiimire?"

Aganyu anaseka. Ine m'malo mokhala chete ndinawonjezera. Ndinawauza za malamulo, za ufulu wa mwana wamasiye, za mmene dziko lino likutsalira chifukwa cha maganizo achikale. Zonse zinali zoona, ndipo mpaka lero sindibweza ngakhale liwu limodzi. Koma anangoti, "Bokosi silituluka," n'kupitiriza ntchito yawo. Ndinabwerera ku Mponela chimanjamanja, nditakutsekera khomo limene ndinapita kukatsegula. Ndiye tamvera. Ukhoza kukhala ndi chilungamo chonse m'manja, koma ukamuchititsa munthu manyazi pamaso pa anthu ake, wamupatsa chifukwa chokanira chimene analibe. Ine ndikufuna zinthu zisinthe, ndipo ndikufuna zisinthe dzulo. Iwenso uzifuna choncho, usadzakhale munthu wongovomera. Koma uyambe wakhala pansi.

Ndinabwererako Loweruka lotsatira, nditavala chitenje, shuga ali m'manja. Ndinalowa m'chigafa, ndinakhala pansi, ndinapereka moni wonse mpaka wa nkhuku, kenako ndinayamba kuwathandiza kusankha. Za bokosi sindinatchule. Ukudziwa iwe mmene kukhala chete kumandipwetekera. Aganyu atapita kukadya, tinatsala awiri. Achimwene anakhala kanthawi akununkhiza tsamba, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Kodi ng'ombe zija anazipeza?"

"Ng'ombe ziti, achimwene?"

"Za m'buku muja. Mtsikana uja anaberedwa ng'ombe za ngolo za bambo ake, n'kumatsatira mapazi ake m'mapiri."

Ndinalizindikira nthawi yomweyo. Ndi buku lakale la Chichewa lija unalirira kwambiri utapeza masamba akumapeto atang'ambidwa. Anandiuza okha mmene zinayendera. Ati ankang'amba chakumbuyo poganiza kuti kumbuyo kwa buku kulibe ntchito, monga mmene masamba a pansi a fodya amakhalira otsika mtengo. Ndiye tsiku lina mvula inawatsekera m'nyumba, fodya atawathera, anatsegula bukulo chakutsogolo kuti angotaya nthawi.

"Zilembo sindiziona bwino," anatero, "koma zithunzi zimalankhula zokha. Ndinamutsatira mwanayo phiri ndi phiri. Wafika pamtsinje, madzi adzaza, mapazi a ng'ombe akuoneka tsidya. Ndikuti nditembenuze, palibe. Ndinasuta ndekha."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala. Ukukumbukira kuti iwonso anaberedwa ng'ombe zawo ziwiri zija, anayenda mpaka ku Ntchisi akufunsa m'midzi, osazipeza. Chichokereni tsiku la mvula lija sanang'ambenso buku lako ngakhale limodzi. Amene ankapitiriza ndi anzawo obwera kudzacheza, ndipo iwo ankalephera kuwakaniza poti anayambitsa ndi iwo. Madzulo ankatsegula bokosi lako mwakachetechete n'kumaona zithunzi. Kukufunsa iwe mathero ankachita manyazi.

"Ndiye ukatenga bokosi," anatero, "ine ndiziona chiyani?"

Taona, Thoko. Ine ndinabwera ndi malamulo kudzamenyana ndi mdani wa mabuku, pamene munthuyo anali kasitomala wako woyamba. Usanakangane ndi munthu, uyambe wadziwa chimene akuopa kutaya.

Apa ndiye kufulumira kwanga kunagwira ntchito, ndipo undiyamikire. Ndinawapempha andibwereke mabuku amene amawakonda, ndinakwera njinga yamoto mpaka kwa a Saidi, amene masiku ano ali ndi makina a fotokope. A Saidi atawaona anawazindikira. Anati, "Awa si aja a kamtsikana kokhalira mapepala?" Nditawauza kuti kamtsikanako kakupita ku Nairobi, anaitana akazi awo kuti adzamve okha, ndipo akuti usanyamuke osawatsanzika. Tinachita fotokope, tinamanga bwinobwino ndi zikuto zolimba, ndinabwerera nawo kumudzi.

Ndinati, "Achimwene, awa ndi anu. Mukafuna kuona zithunzi, onani. Mukafuna kusuta, sutani."

Anang'amba kakona, anapichira, anayatsa, anakoka kamodzi n'kutsokomola. "Pepala lakoli ndi louma ngati chikopa. Silikoka."

"Ndiye muzingowerenga."

"Wandichenjerera, mwana wa amayi."

Mawa lake anaitanitsa abale onse a pamudzi, anakhala pakhonde, bokosi lili patsogolo pawo. Ananena mawu amene ndikanakonda ukanawamva ndi makutu ako: "Mabuku awa si a mbumba. Ndi a Thokozani, mwana wa Esinati. Wofuna pepala akagule." Anamangirira okha bokosilo pa njinga yamoto, anayesa chingwe kawiri, n'kumuuza woyendetsa kuti akaligwetsa asadzadutsenso njira imeneyo.

Tsopano ndikuuze zimene inshuwaransi siichita, kuti usamaganize kuti ndagula chozizwitsa. Chiswe siilipira, ati chimenecho ndi chisamaliro cha mwini. N'chifukwa chake bokosi lili pa njerwa, ndipo ndizilitsegula mwezi ndi mwezi n'kumakutumizira chithunzi. Buku likabwerekedwa n'kusowa, siilipira, ndiye aliyense wobwera ndi nkhope yachisoni ndizimuuza kuti mwini wake ali kunja. Ndalama ya chaka chino ndalipira, usandifunse, si nkhani yako. Chaka chikamatha undikumbutse, chifukwa ukudziwa kuti ndimayamba zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndipo ngakhale atalipira, aja a Chichewa sitingakawagulenso kwina. Ndalamayo ingadzakugulire zipangizo zoyambira ntchito, osati mabuku a amayi ako. Choncho chitetezo chenicheni ndi njerwa, loko ndi ine. Inshuwaransi ndi ya tsiku limene zitatuzi zidzalephere.

Zina ndi zazing'ono. Uzidya, usamaiwale chifukwa cha kujambula. Ndalama za sukulu usabwereke munthu ngakhale atalira bwanji. Mnyamata akakakuuza kuti zojambula zako ndi zokongola, umufunse kuti chiti, ndipo chifukwa chiyani, akalephera kuyankha, umusiye. Ukaphunzire Chiswahili msanga, usakangokhala ndi Amalawi okhaokha. Akakakupatsa ntchito yojambula anthu, usakachite manyazi kujambula a kwanu: amayi a mandasi, oitanira minibasi, amalume ako ndi chipewa chawo chobooka. Za kwawoko ali nazo kale, za kwa Nachisaka alibe. Ndipo dzina ndi tsiku pa chilichonse.

Ukadzabwera ndili ndi mapulani, ndipo usapukuse mutu. Ndaona kale chipinda chochititsa lendi pafupi ndi msika, chili ndi zenera lalikulu loyang'ana kum'mawa. Iwe uzidzajambula, ine ndizidzathamanga ndi zosindikiza ndi zogulitsa, poti kuthamanga ndiye mphatso yanga. Mabuku a makatuni a Chichewa, pa sitolo iliyonse kuyambira Mponela mpaka Ntchisi, otsika mtengo moti mwana akhoza kugula. Anthu akuti Amalawi sawerenga. Ine ndaona mlimi wa fodya akudandaula za mtsikana wa papepala ngati mwana wake, ndiye asandiuze zimenezo. Ndikudziwa kuti ndayambanso kufinya zinthu zisanaume. Chabwino, ndidikira. Koma zeneralo ndaliona.

Mawa tinyamuka m'mamawa. Tiyamba kwa a Saidi, kenako ku ofesi ya inshuwaransi. Ukasaine dzina lako lonse, mosathamanga, pamzere wa mwini katundu. Mayi uja akufuna kukuona, ati akhala akugwira ntchitoyi nthawi yaitali koma makatuni sanaikepo pa inshuwaransi. Chiphaso m'kachikwama ka m'manja, ndanena kachiwiri.

Amalume ako sabwera ku bwalo la ndege, ati fodya sangasiyidwe ndi aganyu okha. Ine ndikuganiza kuti akuopa kulira pagulu. Koma anandituma mawu, ndipo ndiwo ndasungira kumapeto. Pa buku la ng'ombe lija, mayi wa inshuwaransi analemba kuti masamba omaliza palibe, ndipo zimene zinatayika kale kampani siibweza. Tafunsa konse, lina lofanana nalo silikupezeka. Amene anawerenga mathero ake asanapite mu utsi ndiwe wekha. Ndinawauza achimwene kuti ndikufunsa, undiuze, ine ndikawafotokozere. Anakana.

"Za pakamwa sindikuzifuna," anatero. "Munthu akhoza kungondinamiza pondimvera chisoni. Akaphunzire, adzajambule, ndidzaone ndekha ngati anazipeza."

Ndiye inenso usandiuze, ndidikira nawo limodzi, ngakhale kudikira sindikutha. Mabuku ako ali pabwino, ndiye chifukwa choti utsale chatha. Mtsikana uja waima pamtsinje nthawi yaitali, Thoko. Pita ukaphunzire kumuwolotsa.

Ndine mayi ako wamng'ono, ufune usafune,
Linesi